Kiyi akungozungulira, kabati ya panja ya motorhome yakana kutseguka

Mlendo_Panjira
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loko wa kabati ya m'mbali mwa motorhome (galimoto yogonamo), ija yosungiramo nthambo zamagetsi ndi mipando yopinda, wafa chitseko chili chotseka. Kiyi akulowa bwinobwino mpaka kumapeto, koma ndikamupotoza akungozungulira osagwira kanthu, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. Kiyi yemweyo ndi amene amatsegula chitseko cholowera m'kati, kabati ya gasi ndi kachitseko ka thanki ya chimbudzi, ndipo konseko akugwira ntchito. Nditsegula bwanji osawononga chitseko? Ndigule loko yense kapena kachidutswa chabe? Komanso sindikufuna kumayenda ndi makiyi awiri ngati pali njira ina.

Chiboolero
Biti ya drill (makina oboolera) pakati pa bowo la kiyi, boolani, nkhani yatha. Loko wakufa samunyengerera.

KiyiWamkulu
Ayi a Chiboolero, musawathamangitsire ku drill. Ntchito ya drill pa loko ndi kuphwanya tizitsulo ta mkuwa timene tikuletsa barrel, chapakati chimene kiyi amalowamo, kuzungulira. Pano barrel ikuzungulira kale, ndiye mukuboola kuti muphwanye chiyani? Vuto lili kumbuyo kwa chitseko.

A Mlendo_Panjira, kiyi akamazungulira wopanda katundu chonchi zimene zimachititsa ndi zitatu. Nthawi zina sikuluwu yogwira lilime, chitsulo chokola kuseri kwa felemu ya chitseko, imamasuka, lilime n'kuchoka pa kangodya kake (kachitsulo ka ngodya zinayi kamene limakhalapo) koma n'kutsala litakola kuseri kwa felemu. Nthawi zina kanyanga ka kumbuyo kwa barrel, kamene kamakankha chitsulo chotembenuza lilime, kamathyoka. Kapena nati yaikulu yogwira thupi la loko imamasuka, bowo la m'chitseko n'kudyeka, loko yense n'kumazungulira pamodzi ndi kiyi.

Yambani ndi ichi: matani kachidutswa ka tepi pa mphete ya kunja ya loko, kena pa chitseko moyang'anizana, kenako potozani kiyi. Mphete ikasuntha, ndi nati. Ikakhala chete, vuto lili pa lilime kapena pa kanyanga. Mutiuze.

Mlendo_Panjira
Mphete sikusuntha ngakhale pang'ono. Chikuzungulira ndi chapakati chokha. Thupi lake ndi la pulasitiki yakuda, lozungulira mwa dzira.

Sipanala22
Ndiye yang'anani njira yolowera m'kati. Makabati ambiri a m'mbali amakhala pansi pa bedi kapena pansi pa mpando wa podyera, ndipo pamwamba pake pamakhala thabwa longoikapo kapena logwidwa ndi masikuluwu ochepa. Chotsani makushoni, tukulani thabwa, tulutsani katundu yense amene watsamira chitseko. Mutu wanu ukakana kulowa, lowetsani foni ili pa kamera, tochi yake itayaka, mujambule kumbuyo kwa loko.

Wina akakhala panja akupotoza kiyi, inu muyang'ane. Sikuluwu ya pakati ikamazungulira lilime lili chete, ndi lilime lachoka pamalo pake, ndipo mwapulumuka: mungolibwezera n'kumanga. Sikuluwu ndi lilime zonse zikakhala chete kiyi akuzungulira, kanyanga kathyoka.

Potsegula, wa panjayo akankhe chitseko mwamphamvu pafupi ndi loko kuti labala wa m'mphepete mwa chitseko afinyike, lilime lipepuke. Pamenepo mukhoza kulitembenuza ndi dzanja kapena ndi pulayazi. Likakana, masulani sikuluwu yake mulichotseretu.

Chiboolero
Nanga kabati ikakhala yopanda njira ya m'kati? Zilipo zambiri, makamaka za pansi pa galimoto. Pamenepo mudzandifuna.

KiyiWamkulu
Pamenepo inde, koma osati kungoboola mwachisawawa. Cholinga chimakhala kuchotsa barrel yonse kuti sikuludiraiva yafulati ifike pa chitsulo cha kumbuyo. Ngati muli ndi kiyi wochotsera barrel, simukufunika n'komwe drill: barrel imatuluka, mumaona kamng'alu kamene kanyanga kankalowamo, mumalowetsa sikuludiraiva n'kupotoza. Drill ndi ya tsiku limene kiyi wochotserayo palibe. Ndipo ikafika nthawi yake, matani tepi yokhuthala kuzungulira loko, yambani ndi biti ya 3 mm, kenako 6, kenako 8, makina akuyenda pang'onopang'ono. Biti yaikulu ikakola mwadzidzidzi imazunguza thupi lonse n'kung'amba bowo la m'chitseko, ntchito ya mphindi zochepa n'kusanduka yokonza chitseko.

Gasi_Kaye
Ndionjezere chimodzi tisanapitirire, poti alipo owerenga amene loko wawo wofa ndi wa kabati ya gasi. Pa chitseko chimenecho drill isayandikire ngati mukumva fungo la gasi ngakhale pang'ono. Propane ndi butane n'zolemera kuposa mpweya, zimatsikira pansi, n'chifukwa chake kabati ya gasi imakhala ndi mabowo pansi pake. Makina oboolera ambiri amathetheka m'kati mwa mota wake. Ndipo chitseko chili chotseka simungafike pa silinda kuti mutseke valavu. Zimitsani chilichonse chogwiritsa gasi, onetsetsani kuti mabowo a pansi aja ndi otseguka, nunkhizani pamenepo, ndipo mukakayika itanani wodziwa za gasi.

Mlendo_Panjira
Yanga si ya gasi, koma ndamva. Ndalowera pansi pa mpando monga mwanenera a Sipanala22. Sikuluwu ndi lilime zinali chete kiyi akuzungulira. Chitseko chitakankhidwa panja, lilime latembenuka ndi pulayazi, chatseguka. Tsopano ndigule chiyani?

MayiMatayala
Musagule kanthu musanachotse barrel n'kuiona ndi maso. Maloko a motorhome zopangidwa ku Ulaya ambiri ali pawiri: thupi la pulasitiki lokhala ndi chotembenuza lilime, ndi barrel yachitsulo yosololoka payokha. N'chifukwa chake kiyi mmodzi amatsegula zitseko zonse: fakitale imagula ma barrel ofanana n'kuwalowetsa m'matupi osiyanasiyana. Mayina amene mudzakumane nawo kwambiri ndi Zadi, FAP ndi STS, ndipo kachitseko ka chimbudzi nthawi zambiri ndi ka Thetford koma barrel yake imakhala ya gulu lomwelo la galimoto yonse.

Ma barrel a magulu osiyana saloŵerana nthawi zonse, ngakhale kunja akuoneka ngati amodzi. Amasiyana utali, malo a kanyanga, ndi timizere ta m'mbali. Yang'anani kiyi wanu: kodi mano ake ali m'mphepete, kapena ali ndi kanjira kokhotakhota kosemedwa pamimba pake? Amenewo ndi magulu awiri osiyana kotheratu. Lembaninso nambala yodindidwa pa kiyi kapena pa nkhope ya barrel, ndi chizindikiro cha kampani ngati chilipo. Ogulitsa ena amatha kukupezerani barrel ya nambala yomweyo, kiyi wanu wakale n'kumagwira ntchito osasintha kanthu.

Kanyanga kangathe kuthyoka mbali ziwiri. Kakathyoka ka pa barrel, mugula barrel yokha. Kakadyeka kamng'alu ka pulasitiki ka m'thupi, barrel yatsopano sithandiza, mugula thupi n'kubwezeramo barrel yakale. Anthu ambiri amagula chimene sichinawonongeke.

Nkhwazi_77
Barrel imachoka bwanji popanda kiyi wochotsera uja? Si aliyense ali naye.

KiyiWamkulu
Chimene chimagwira barrel m'thupi ndi kachitsulo komaliza kumbuyo kwenikweni, kamene kiyi wamba sakafikira. Kamakhala kotuluka nthawi zonse, katakola mumzere wa m'thupi. Kiyi wochotsera amangokhala wotalikirapo kapena wosemedwa mwina kuti akakokere m'kati kachitsulo kameneko. Chitseko chili chotseguka ngati cha a Mlendo_Panjira, mukhoza kukafikira kuchokera kumbuyo. Chotsani lilime ndi chotembenuza chake, unikani ndi tochi, muona kamphepete ka mkuwa katatulukira m'mbali mwa barrel. Pa matupi ena pamakhala kabowo kakang'ono m'mbali kolunjika pomwepo. Lowetsani kiyi wanu wamba kaye, kanikizani kachitsuloko ndi kawaya kolimba kapena kasikuludiraiva ka mawotchi, kenako kokani kiyi pang'onopang'ono. Barrel imatuluka pamodzi ndi kiyi.

Kiyi asachoke m'barrel ikatuluka. Ndi iye amene akugwira tizitsulo tonse. Mukamusolola mosasamala, pa ma barrel ena timatumphuka pamodzi ndi timasipuling'i take, ndipo kasipuling'i kotere kakagwera pansi musataye nthawi kukafuna.

Maloko ena amafuna kuti barrel ikhale pa malo otsegula kapena pakatikati isanatuluke. Ikakana musaikakamize, ipotozeni pang'ono muyesenso.

Mlendo_Panjira
Yatuluka. Kanyanga ka pa barrel kathyokera patsinde, pothyokapo pakuoneka potuwa ngati mchenga. Kamng'alu ka m'thupi kali bwino. Nambala pa kiyi inafufutika, sikuwerengeka.

Dzimbiri_Ayi
Kutuwa kumeneko ndiye chitsulo chake. Ma barrel ambiri amaumbidwa ndi zinc yosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, imene amaitcha zamak. Ndi yosavuta kuumba koma sipindika, imangothyoka. Ndipo sithyoka popanda chifukwa. Fufuzani chimene chinkalemetsa lilime, apo ayi yatsopanoyo idzathyokanso pomwepo. Kawirikawiri ndi katundu wotsamira chitseko kuchokera m'kati galimoto ikakhota, kapena labala wouma amene akufuna mphamvu kuti afinyike, kapena mahinjesi ogwa amene achititsa lilime kumakhula felemu. China ndi chizolowezi chokoka chitseko ndi kiyi ngati chogwirira. Dzanja limodzi lizikankha chitseko, linalo lizipotoza kiyi.

Nkhwazi_77
Poti nambala yafufutika, njira yachidule nayi. Chotsani barrel ya pa kachitseko ka chimbudzi muike pa kabati, yatsopano ya kiyi wachilendo muike ku chimbudzi. Wakuba safuna za m'menemo.

MayiMatayala
Nzeru yake ndi yabwino koma mwasankha chitseko cholakwika. Thanki ya chimbudzi imakhuthulidwa pafupipafupi, ndiye kiyi wachiwiriyo azikhala m'manja nthawi zonse, chimene mwini funso akuchikana. Kiyi wachilendo apite pa chitseko chimene chimatsegulidwa mwa apo ndi apo. Ndipo musanasinthanitse, ikani ma barrel awiriwo pambali pa inzake. Ya pa chivindikiro cha thanki ya madzi, mwachitsanzo, si nthawi zonse imafanana ndi zinzake kumbuyo kwake.

KiyiWamkulu
Pali njira yoposa zonsezi, ndipo kiyi amakhala mmodzi yemweyo. Gulani barrel yatsopano ya gulu lomwelo, nambala iliyonse, musamutsiremo tizitsulo ta m'barrel yakale. Chathyoka ndi kanyanga chabe. Chinsinsi cha kiyi wanu chili m'tizitsulo ta mkuwa, ndipo tili bwinobwino.

Gwirirani ntchito pa tebulo loyala nsalu yoyera, kapena m'kati mwa thireyi yokhala ndi milomo. Matani tepi pa tebulo mbali yomata ili m'mwamba. Gwirani barrel yakale zala zitaphimba mbali zonse ziwiri, sololani kiyi pang'onopang'ono. Tsopano tulutsani tizitsulo kamodzikamodzi kuyambira ku nkhope kupita kumbuyo, ndi kapulayazi kosongoka, n'kumatimata pa tepi mwa ndondomeko yomweyo, katayang'ana mbali imene kanayang'ana m'barrel. Ngati kiyi wanu ali ndi mano mbali ziwiri, tina timatulukira kumwamba tina kunsi, ndiye jambulani chithunzi musanayambe. Kalikonse kali ndi kawindo pakati, ndipo kutalika kwa kawindoko n'kumene kumasiyana. Tina timakhala ndi kanambala kodindidwa, tina ayi.

Chitani chimodzimodzi ndi barrel yatsopano pa tepi ina. Timasipuling'i gwiritsani tatsopano, takale timakhala titatopa. Kachitsulo komaliza kogwira barrel m'thupi musakasinthe, kasiyeni katsopano. Kenako lowetsani tizitsulo takale m'barrel yatsopano, kalikonse m'kamng'alu kake, kasipuling'i katayamba kulowa m'kabowo kake ka m'mbali. Kanikizani kalikonse ndi chala muone ngati kakubwerera kokha.

Mayeso ake ndi osavuta. Lowetsani kiyi wanu wakale. Tizitsulo tonse tiyenera kulowa n'kufanana ndi khungu la barrel, kupatula komaliza kaja. Yendetsani chikhadabo pamwamba: chikakola penapake, pali kachitsulo kamene kali m'malo olakwika kapena kotembenuka.

Chiboolero
Ntchito ya mawotchi imeneyo. Njira yanga: lowetsani kiyi wakale m'barrel yatsopano, tonse totulukira kunja mutipale ndi tupa mpaka tifanane. Mphindi zisanu.

KiyiWamkulu
Zimatseguka, sindikukana. Koma kachitsulo kamene mwakapala mbali imodzi kafupika, ndiye kiyi akachoka sikatulukanso mokwanira kuti kakole m'thupi. Mukapala tambiri, loko amatseguka ndi kiyi aliyense wolowa, ngakhale sikuludiraiva. Ngati kamodzi kokha kakuvuta, bola kungokachotsa n'kusiya tinzake tili tathunthu.

Sipanala22
Tisanamizane, maloko amenewa ndi oletsa chitseko kutseguka panjira ndi kuletsa dzanja la wodutsa. Wobwera ndi chitsulo chokanulira salimbana ndi barrel, amapinda felemu ya chitseko. Ku North America zinafika poti makabati a panja a magalimoto ogonamo ochuluka zedi amatsegulidwa ndi kiyi mmodzi wa nambala CH751, moti woimika pafupi nanu akhoza kutsegula kabati yanu ndi kiyi wake. Amene ali ndi nambala imeneyo pa kiyi, kusintha loko n'kwanzeru ngakhale asanathyoke.

Nkhwazi_77
Ndiye bwanji osangoika loko wa kiyi wozungulira ngati paipi uja? Amati ndi wolimba.

Sipanala22
Amaposa CH751 pa chifukwa chimodzi, choti anansi alibe kiyi wake. Lilime ndi felemu zimakhala zomwezo. Wofuna chitetezo chenicheni pa chitseko chachikulu cha kumbuyo amaonjezera loko wachiwiri wa kunja, wonga Safe Door ya Fiamma, amene amaphimba mphepete mwa chitseko. Koma ameneyo amafuna kuboola khoma la galimoto, ndi nkhani ina.

Vernier_150
Ndiyankhe amene loko wawo si wa barrel yosololoka, koma wachitsulo yense wa lilime, woti amasinthidwa wathunthu. Apa cholakwika chachikulu ndi kugula ndi maso. Tengani miyezo loko wakale ali m'manja.

Bowo la m'chitseko la maloko ambiri otere ndi la 19 mm, koma si lozungulira lonse: lili ndi mbali ziwiri zafulati zotalikirana pafupifupi 16 mm. Mbali zimenezo ndizo zimaletsa thupi kuzungulira. Zikadyeka, musadalire kumanga nati mwamphamvu. Pamafunika kambale kachitsulo kokhala ndi bowo la maonekedwe omwewo, komangidwa kumbuyo kwa chitseko, kapena washala ya mano yoluma.

Utali wa thupi umayezedwa kuchokera pansi pa mutu kufika pamene lilime limakhala. Ogulitsa ambiri amalemba mu mainchi: 5/8 ndi pafupifupi 16 mm, 7/8 ndi 22 mm, 1 1/8 ndi 29 mm, 1 3/8 ndi 35 mm. Thupi lalifupi silisiya mazinga okwanira nati. Lalitali limaika lilime kutali ndi felemu, chitseko n'kumagwedera chili chokiya.

Muyezo umene umalamulira zonse ndi mtunda wochokera pa nkhope ya kunja ya chitseko kufika pa mbali ya lilime imene imakhudza felemu. Utali wa thupi ndi kupindika kwa lilime zikaphatikizana ziyenera kupereka mtunda umenewo. Malilime alipo owongoka ndi opindika, ndipo lopindika mukhoza kulitembenuza kuti liyandikire kapena litalikire. Yezaninso utali wa lilime kuchokera pakati pa bowo lake kufika kunsonga, ndi kukula kwa kabowo ka ngodya zinayi. Kakafanana, lilime lakale ndilo labwino koposa, libwezereni pa loko watsopano.

Pomaliza pali kawashala kodulidwa mbali imodzi kamene kamakhala pakati pa thupi ndi lilime. Kameneka ndiko kamalamula kuti kiyi azungulire madigiri 90 kapena 180, ndiponso kumanja kapena kumanzere. Mukakaika chotembenuza, loko amakiya mobwerera kapena kiyi amakana kutuluka pokiya. Yesani zonse chitseko chili chotseguka.

MayiMatayala
Ndionjezere pa za a Vernier_150. Zitseko zikuluzikulu zimakhala ndi loko wokoka, amene lilime lake limayamba latembenuka kenako n'kubwerera cha kuchitseko mamilimita angapo kuti lifinye labala. Loko wotere musamusinthe ndi wa lilime wamba ngakhale bowo likulola. Chitseko chidzakiyika koma madzi ndi fumbi zidzalowa. Ambiri a iwo lilime lake limakhala pa bawuti ya manati awiri, ndiye mtunda uja mumachita kuutchera.

Mlendo_Panjira
Barrel yatsopano ndaipeza, tizitsulo ndasamutsa, kiyi wakale akuzungulira bwino ndipo chikhadabo sichikukola paliponse. Koma pochotsa thupi kuti nditsuke, ndapeza kalabala ka pansi pa mutu kali kong'ambika, ndipo m'mphepete mwa bowo muli chinyezi. Ndipake silikoni?

Chiboolero
Pakani, ndiyo ntchito yake.

Dzimbiri_Ayi
Musapake. Silikoni wamba, uja wonunkha mowawasa, amatulutsa asidi pouma, ndipo asidiyo amadya zinc ndi aluminiyamu yosapentedwa ya m'mphepete mwa bowo. Chinanso, akayamba kumatuka madzi amadutsa pansi pake osaoneka, ndipo pamalo pamene panakhala silikoni palibe chimene chimamatanso bwino, ngakhale silikoni mnzake.

Chabwino ndi kalabala katsopano ka loko yemweyo. Kakasowa, gwiritsani butyl, phala lija la ngati tepi limene siliuma. Pindani kachingwe kake kopyapyala, ka mamilimita awiri kapena atatu, kuzungulira pansi pa mutu, lowetsani thupi, mangani nati, lotulukira m'mbali mulichotse ndi kachidutswa ka butyl komweko, limadzinyamula lokha. Zomata zolimba za polyurethane monga Sikaflex n'zabwino pa ntchito zina, koma pa loko zidzakuvutitsani tsiku lofuna kumuchotsanso.

Chinyezicho musachitsekere m'kati. Chitseko chotere ndi khungu lopyapyala la aluminiyamu kapena fibreglass kunja, thovu louma pakati, ndi khungu lina m'kati. Zina zimakhala ndi timatabwa mozungulira loko. Bayani m'mphepete mwa bowo ndi kasikuludiraiva. Pakakhala polimba, siyani pouma mpaka chinyezi chithe, pukutani ndi sipiriti wa isopropyl, kenako bwezerani. Pakafewa ngati dzino lobooka, kokotani chovundacho mudzazemo zomatira zolimba za epoxy kuti nati ipeze pokhala.

Sipanala22
Pa nati pomwepo: mangani ndi dzanja mpaka ikhale, kenako sipanala pang'ono chabe, mpaka thupi lisiye kugwedera. Mukapitirira, thovu la pakati limafinyika, khungu la kunja limalowa m'kati mozungulira loko, pamakhala kadzenje kosunga madzi. Nati ya pulasitiki imadumphanso mazinga. Ngati chitseko ndi chofewa, ikani washala yotakata kumbuyo kuti igawe mphamvu.

Nkhwazi_77
Nanga sikuluwu ya lilime, ndithire mankhwala oletsa kumasuka aja? Galimoto imagwedezeka njira yonse.

Vernier_150
Ngati sikuluwu ikulowa m'chitsulo, kadontho kamodzi ka abuluu, onga Loctite 243, n'kokwanira. Ofiira ayi, amafuna moto pomasula. Koma ngati ikulowa m'pulasitiki, kapena dontho lingagwere pa thupi la pulasitiki, musathire. Mankhwala amenewa amang'alula mapulasitiki ena monga ABS pakapita nthawi. Pamenepo washala ya mano kapena ya sipuling'i ndiyo yoyenera.

Chiboolero
Ndipo m'bowo la kiyi muthire mafuta opopera a WD-40, zonse ziyende myaa.

Dzimbiri_Ayi
Pochotsa madzi ndi kumasula barrel youma imathandiza. Ngati mafuta okhalitsa ayi: ndi yopyapyala, ndipo kotsalako kamagwira fumbi. Maloko a makabati ali pansi, pafupi ndi matayala, pamene pamafika fumbi ndi madzi onse a mumsewu.

KiyiWamkulu
Apa ine ndimaima ndi ufa wa graphite. Ndi wouma, sugwira fumbi, ndipo opanga makiyi akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kale.

Dzimbiri_Ayi
Pa loko wa m'nyumba sindingakutsutseni akulu. Pa loko wonyowa ndi mvula ndi nkhani ina. Graphite ikakumana ndi madzi kapena ndi mafuta otsala imasanduka phala lakuda lomata tizitsulo. Komanso imadutsa magetsi, ndipo ikakhudzana ndi zinc kapena aluminiyamu pali chinyezi, makamaka cha mchere, imafulumizitsa kudyeka kwa zitsulozo. Ufa woyera umene mumaupeza pa barrel youma ndi zinc yodyeka. Ine ndinganene mafuta opopera a PTFE (Teflon) ouma m'barrel, kagirisi ka silikoni pang'ono pa chotembenuza cha pulasitiki ndi pa nsonga ya lilime.

KiyiWamkulu
Za mcherezo ndavomera. Koma chilichonse chimene munthu wasankha, asasakanize. Barrel imene inathiridwapo oyilo itsukidwe kaye isanalandire china.

Gasi_Kaye
Kabati ya gasi ija ndibwerereko pang'ono, poti mwayamba zomata. Pokonza loko wake musatseke mabowo a pansi kapena a m'chitseko poganiza kuti mukuletsa madzi, ndipo musaike loko wa magetsi m'menemo.

Mlendo_Panjira
Ndabwezera zonse ndi butyl. Kiyi mmodzi akutsegula paliponse. Chotsala n'chakuti pokiya ndikufunikabe kukankha chitseko ndi bondo kuti kiyi afike kumapeto. Ndi mmene zinalili kale barrel isanathyoke.

Sipanala22
Chimenecho ndicho chinathyola kanyanga, musachisiye. Yambani ndi mahinjesi: tsegulani chitseko theka, chitukuleni kunsonga. Chikagwedera, mangani masikuluwu kapena sinthani ma rivet otayirira. Kenako pakani choko kapena inki pa nsonga ya lilime, kiyani, tsegulani, muone pamene lasiya chizindikiro. Likamagunda m'mphepete mwa felemu m'malo molowa kuseri kwake, mtunda uja wachepa.

Kuuonjezera n'kosavuta: washala yopyapyala ya 1 mm pakati pa chotembenuza ndi lilime, bola kangodya katsale kokwanira kugwira lilime. Ngati lilime ndi lachitsulo, mukhozanso kulipinda pang'ono, koma lichotseni kaye mulipindire pa vaisi. Mukalipinda lili pa loko mphamvu yonse imapita pa kanyanga katsopano kaja.

MayiMatayala
Mukatchera, yesani ndi pepala. Ikani kapepala pakati pa labala ndi felemu, kiyani, kokani. Kayenera kutuluka mokanirira pang'ono, osang'ambika komanso osangosololoka. Yesani kumwamba, kunsi ndi mbali zonse ziwiri, makamaka ngodya zakutali ndi loko. Kakamasololoka ku ngodya koma pafupi ndi loko kakugwira kwambiri, chitseko chapindika kapena labala waphwa mbali imodzi, ndipo washala sikonza zimenezo. Labala wouma mumutsuke ndi madzi a sopo, aume, mumupake mafuta a silikoni opangira labala. Girisi wamba wa galimoto ayi, amafufumitsa labala wa zitseko wa mtundu wa EPDM, chitseko n'kuyambanso kuvuta kutseka.

Mlendo_Panjira
Chizindikiro cha choko chinali m'mphepete mwa felemu. Washala ya 1 mm yathetsa, kiyi akufika kumapeto ndi zala ziwiri chitseko chitangokankhidwa pang'ono. Pepala likugwira mbali zitatu, koma ku ngodya ya kunsi ya mbali ya mahinjesi likusololoka.

Vernier_150
Ngodya imeneyo si ya loko. Yang'anani ngati labala sanatuluke mumzere wake pokhotapo, kapena ngati polumikizira pake sipanatseguke, chifukwa polumikizira nthawi zambiri pamaikidwa kunsi ndipo labala amafupika akamakalamba. Mpata ukakhala waung'ono, mukhoza kumukoka pang'ono kuchokera m'mbali zonse ziwiri n'kumata nsonga zake. Ukakhala waukulu, dulani kachidutswa ka labala wakaleyo mupite nako pogula kuti maonekedwe ake afanane, ndipo watsopanoyo mumudule motalikirapo ndi 5 mm kuti nsonga zikankhane.